Pa Kavalo Woyera: nkhani imodzi, mafilimu angapo, muyambe ndi iti?

Ku Austria, m'mbali mwa nyanja ya Wolfgangsee, kuli katauni kotchedwa St. Wolfgang. Kumbuyo kwake kuli phiri la Schafberg, limene kasitima ka panjanji kakhala kakukwera kuyambira 1893, ndipo m'mphepete mwenimweni mwa madzi muli hotela yotchedwa Im Weissen Rössl, kutanthauza "Pa Kavalo Woyera". Hotelayi ikulandirabe alendo mpaka lero. Koma unyinji wa anthu odziwa dzinali sanagonemo ndi usiku umodzi womwe. Analimva m'nyimbo za sewero loimba la mu 1930, la mtundu umene ku Ulaya amautcha opereta, momwe anthu amalankhula, kuimba ndi kuvina mosinthanasinthana. Ena analimva m'mafilimu amene anatengedwa ku seweroli.

Mukalemba dzinali pa intaneti, mafilimuwo amatuluka onse pamodzi, zithunzi zake zofanana: nyanja, mapiri, mayi wovala epuloni, bambo wanyamula thireyi. Munthu n'kuganiza kuti iliyonse imene angatsegule aona zomwezo. Ayi ndithu. Atatu amene ndikufuna tiwayeze bwino ndi ya mu 1952 ya Willi Forst, ya mu 1960 ya Werner Jacobs, ndi ya ku Denmark ya mu 1964 ya Erik Balling. Enawo tingowadutsa. Muyeso wanga ndi umodzi: kodi filimuyo ikumulola weitala Leopold kuwawidwa mtima pamaso pathu, kapena ikungomugwiritsa ntchito kuti tiseke?

Nkhani yake

Leopold Brandmeyer ndi mkulu wa maweitala pa hotelayi. Wagwa m'chikondi ndi abwana ake, mayi Josepha Vogelhuber, amene hotelayo ndi yawo ndipo amaiyendetsa okha, mosanyengerera munthu. Josepha alibe naye ntchito. Mtima wake uli pa Dr. Siedler, loya wa ku Berlin amene amabwera chaka ndi chaka kudzapuma, ndipo amamusungira chipinda chabwino koposa, chokhala ndi khonde la m'mwamba.

Chaka chino kwabweranso mlendo wina wa ku Berlin, bambo Giesecke, mwini fakitale ya zovala zamkati, ali ndi mwana wawo wamkazi Ottilie. Bamboyu chilichonse n'chomunyansa: mapiri ndi aatali, mvula ikuchuluka, chakudya chili ndi mayina osamveka, bola akanapita kugombe la Ahlbeck kumene anazolowera. Ali pa mlandu ndi fakitale ina, ya banja la Sülzheimer, kulimbirana umwini wa chovala china chamkati, chake chomanga mabatani kutsogolo, cha anzakewo chomanga kumbuyo. Loya wa adani akewo ndi Siedler yemweyo. Leopold, pofuna kuti wopikisana naye asowe pogona, apereka chipinda cha khonde chija kwa Giesecke. Siedler angomuona Ottilie n'kumukonda. Kenako afika Sigismund, mwana wa Sülzheimer, mnyamata wodzimva kukongola koma wobisa dazi m'chipewa, ndipo iye akopeka ndi Klärchen, mwana wa pulofesa wina wosauka, mtsikana amene amachita manyazi kulankhula chifukwa lilime lake limakodwa pa mawu ena.

Zonsezi ndi zoseketsa, ndipo zimatha monga mukuganizira. Pakati pake pali chinthu chosaseketsa. Josepha alamula Leopold kuti akaike maluwa m'chipinda cha Siedler. Leopold akana, ndipo achotsedwa ntchito. Posakhalitsa kumveka kuti mfumu yaikulu ya dzikolo, Franz Joseph, ikubwera ndipo idzagona pa hotelayo. Josepha sangathe kulandira mlendo wotere popanda weitala wake, choncho amuitananso. Leopold aima kuti alankhule mawu olonjera mfumu, aona Josepha ali pambali pa Siedler, mawu amuthawa, ndipo alira pamaso pa khamu lonse. Mfumu yokalambayo imvetsa. M'mawa mwake ilangiza Josepha kuti asiye kulakalaka chimene sichingakhale chake, ayang'ane chimene ali nacho pafupi. Akuluakulu athu akanangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mapeto ake Josepha alemba m'buku la umboni wa ntchito la Leopold kuti wachotsedwa pa uweitala, ndipo walembedwa ngati mwamuna wapanyumba moyo wake wonse.

Kumene inachokera, ndi chifukwa chake tiyenera kudziwa

Poyamba inali nthabwala ya pasiteji yopanda nyimbo, yolembedwa ndi Oscar Blumenthal ndi Gustav Kadelburg, imene inaonetsedwa ku Berlin mu 1897. Amene anaisandutsa sewero loimba ndi Erik Charell, katswiri wa zionetsero zikuluzikulu. Inatsegulidwa pa 8 November 1930 mu Großes Schauspielhaus ku Berlin, nyumba yolowa anthu oposa 3,000. Nyimbo zambiri anapeka ndi Ralph Benatzky, koma Charell anasonkhanitsanso zina kwa Robert Stolz, Bruno Granichstaedten ndi Robert Gilbert, amene analembanso mawu a nyimbozo. Inayenda ngati moto wolusa: ku London mu 1931 inaonetsedwa maulendo 651 pa Coliseum, ku Paris inafika mu 1932, ku New York mu 1936.

Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, seweroli linaletsedwa ku Germany chifukwa ambiri mwa eni ake anali Ayuda. Charell anathawa. Gilbert anathawa. Granichstaedten anafera ku New York mu 1944. Otto Wallburg, amene anali Giesecke woyamba, amene anaseketsa Berlin yense ndi madandaulo ake, anaphedwa ku msasa wa a Nazi wa Auschwitz mu 1944. Camilla Spira, Josepha woyamba, anatsekeredwa ku msasa wa Westerbork ku Netherlands, koma anapulumuka. Sindingathe kuonera filimu iliyonse ya nkhaniyi osakumbukira anthu amenewa, ndipo sindikufuna kuti inunso muonere osawadziwa. Mafilimu onse atatu anapangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pa nthawi imene anthu a ku Germany ndi Austria ankadzaza nyumba za kanema kuti aone mapiri, nyanja ndi maukwati, mizinda yawo idakali ndi mabwinja. Mafilimu a mtundu umenewu ankawatcha Heimatfilm, mafilimu a kumudzi kwathu. Imene inatsegula njira, Schwarzwaldmädel ya mu 1950, nayonso inachokera ku opereta, ndipo wopeka nyimbo zake, Leon Jessel, anafa mu 1942 atazunzidwa ndi a Gestapo, apolisi achinsinsi a boma la Nazi.

Ya 1952: imene imasunga mfumu ndi misozi

Iyi ndi imene ndimaikonda, ndinene poyera. Koma si imene ndingapatse aliyense poyamba.

Anaitsogolera Willi Forst wa ku Vienna, munthu amene anadziwika m'zaka za m'ma 1930 ndi mafilimu achikondi odekha onga Maskerade ya mu 1934. Chaka chimodzi chokha m'mbuyo mwake, mu 1951, anali atautsa mapiri pachigwa ndi filimu ya Die Sünderin, imene matchalitchi anaidzudzula kwambiri. Ya Kavalo Woyera inali ngati kubwerera pa njira yodziwika. Chachikulu n'chakuti Erik Charell mwiniwake, atabwerako kothawa, anagwira nawo ntchito yopanga filimuyi. Mwa mafilimu onse, iyi ndi imene ili ndi dzanja la munthu amene anabala seweroli.

Nkhani anaisiya m'nthawi yake, ufumu usanagwe. Ndi ya mitundu, yojambulidwa pa tepi ya kanema yotchedwa Agfacolor, imene maonekedwe ake ndi ofewa, osathobwa m'maso. Leopold ndi Walter Müller, Josepha ndi Johanna Matz, Siedler ndi Johannes Heesters, ndipo mfumu ndi Rudolf Forster.

Kusankha anthu kumeneku kumasintha nkhani yonse. Johanna Matz anabadwa mu 1932, kutanthauza kuti anali ndi zaka pafupifupi 20. Heesters anabadwa mu 1903, wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 30, munthu wa suti yogwa bwino ndi mawu osalala. Ukawaona pamodzi umamvetsa chimene chikumuchitikira Josepha: ndi mtsikana wosenza hotela yonse pamutu, amene wachita chidwi ndi bambo wa mumzinda wodziwa kulankhula. Sakuchita nkhanza kwa Leopold mwadala. Sakumuona basi, monga mmene munthu saonera khomo limene amadutsapo tsiku lililonse. Walter Müller naye si nyenyezi yophimba anzake. Amaoneka ngati munthu wantchito weniweni, ndipo akamaimba nyimbo ya Granichstaedten ija, "Zuschau'n kann i net", yonena kuti sangathe kuima n'kumaonerera wokondedwa wake ali ndi wina, umamva kuti ndi wantchito amene alibe kothawira, chifukwa malo amene akumupweteka ndi omwewo amene amamudyetsa.

Ndiye pali mfumu. Franz Joseph analamulira kuyambira 1848 mpaka 1916, ndipo nyengo yotentha ankakhalira ku Bad Ischl, mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera ku St. Wolfgang. Kubwera kwake pa hotelayi m'seweroli si chinthu chosatheka kwa anthu a kumeneko. Komanso ndi ku Bad Ischl komweko kumene anasainira chikalata cholengeza nkhondo pa Serbia mu July 1914, nkhondo imene inathetsa ufumu wake. Oonera a mu 1952 ankadziwa zonsezi. Austria inali idakali m'manja mwa asilikali a mayiko anayi, America, Britain, France ndi Soviet Union, mpaka 1955. Kuona gogo wa ndevu zoyera akulangiza mtsikana kuti avomereze zimene moyo wamupatsa kunali ndi kulemera kumene ife sitingakumve konse. Ena amaidzudzula filimuyi kuti inathandiza anthu kuiwala, ndipo ali ndi mfundo. Heesters mwiniyo anakhalabe nyenyezi ku Germany nthawi yonse ya Hitler, ndipo ulendo wake wokaona msasa wa Dachau, wozunzirako akaidi a Nazi, mu 1941 unamutsatira mpaka imfa yake mu 2011, ali ndi zaka 108. Choncho m'filimu imodzi muli ntchito ya munthu amene anathamangitsidwa ndi nkhope ya munthu amene anatsala n'kumaomberedwa m'manja. Ine sindiona kuti zimenezi zikuchotsa kukoma kwa filimuyi. Zimaipatsa mthunzi umene enawo alibe.

Vuto lake ndi liwiro. Imayenda pang'onopang'ono, ndipo zambiri zili m'mawu: Chijeremani cha ku Berlin cha Paul Westermeier, amene ndi Giesecke, chikugundana ndi cha ku Austria cha eni mudzi. Wosamva chinenerocho nthabwala zimenezi zimamudutsa. Ngati mulibe mawu omasulira m'munsi mwa kanema, theka loyamba mudzalimva kutalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ya 1960: ya Peter Alexander

Mukafunsa munthu wa ku Germany kapena ku Austria za Kavalo Woyera, kawirikawiri nkhope imene imamubwerera ndi ya Peter Alexander. Filimuyi yabwerezedwa pa wailesi za kanema kwa zaka zambirimbiri, ndipo ndi imene simuvutika kuipeza.

Werner Jacobs anachita chinthu chachikulu: anaichotsa nkhaniyi m'nthawi ya mafumu n'kuibweretsa m'chaka chomwe ankajambulacho. Alendo akubwera pa magalimoto. Sigismund, amene ndi Gunther Philipp, akutera pa helikopita. Ottilie wasinthidwa dzina, ndi Brigitte, ndipo akuseweredwa ndi Karin Dor, amene pambuyo pake anadzaoneka m'filimu ya James Bond mu 1967 ndi ya Alfred Hitchcock mu 1969. Nyimbo zinakonzedwanso ndi Heinz Gietz kuti zimveke ngati za pa wailesi za nthawi imeneyo. Ndi Germany ya chuma chophukira kumene, anthu ayamba kukhala ndi ndalama zopitira kutchuthi, ndipo filimuyi ikuwaonetsa kumene angapite. Zakunja anajambulira ku St. Wolfgang kwenikweni, moti nyanja, tchalitchi ndi mapiri zimene mukuona ndi zomwe mungakapeze mutapitako.

Ubwino wake ndi woonekeratu, ndipo sindiuchepetsa. Peter Alexander, wobadwira ku Vienna mu 1926, anali woimba weniweni, wodziwa kuvina, wodziwa kutsanzira anthu. Thupi lake limalankhula lisanatsegule pakamwa. Mwana wa zaka 8 wosadziwa liwu limodzi la Chijeremani angathe kutsatira zimene Leopold akufuna, zimene akuopa, ndi msampha umene akutchera Siedler. Waltraut Haas, amene ndi Josepha, ndi mayi wokhwima, wa msinkhu umodzi ndi Leopold wake, ndipo ukamuona umakhulupirira kuti angathedi kuyendetsa hotela ndi kuchotsa munthu ntchito. Pa mbali imeneyi amamuposa Johanna Matz. Mkangano wa awiriwa ndi wa anthu akuluakulu odziwana mitima.

Mulinso munthu mmodzi woyenera kumuyang'anitsitsa ngakhale mbali yake ndi yaing'ono. Pulofesa wosauka uja ndi Werner Finck, amene m'zaka za m'ma 1930 ankaseka a Nazi pasiteji ya Die Katakombe ku Berlin, mpaka anamutsekera ku msasa wa Esterwegen mu 1935. Mukamuona akuwerengera tindalama take m'filimu yowala chonchi, dziwani kuti mukuona munthu amene analipira mtengo chifukwa cha nthabwala.

Chimene filimuyi inataya ndi mfumu. M'chaka cha 1960 Franz Joseph sangabwere pa sitima, ndiye gogo uja amene amaona misozi ya wantchito n'kukalankhula ndi abwana ake palibe. Ena anganene kuti bola, nkhani yachikondi isadalire mfumu. Koma taonani chimene chimachoka naye limodzi. M'sewero loyambirira Leopold amagwa pansi penipeni, amachita manyazi pamaso pa munthu wamkulu koposa m'dziko, ndipo ndi kugwa kumeneko kumene kumatsegula maso a Josepha. Peter Alexander sagwa chotero. Ngakhale atachotsedwa ntchito, ngakhale akuimba zodandaula, umadziwa kuti filimu yonse ndi yake ndipo palibe chingamuchitikire. Ndi wokongola kwambiri, wochenjera kwambiri, moti funso limene limakubwerera si lakuti kodi Josepha adzamukonda, koma lakuti akuchedweranji. Pa muyeso wanga uja, apa ndi pamene iyi imatsalira. Imakusangalatsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma siikugwira pakhosi.

Ya 1964: Leopold wa ku Denmark

Dzina lake ndi Sommer i Tyrol, "Chilimwe ku Tyrol", ngakhale St. Wolfgang sali m'chigawo cha Tyrol. Ali ku Upper Austria, m'dera la nyanja zambiri la Salzkammergut. Ndi dzina limene seweroli limadziwika nalo ku Denmark. Ubale wa dzikoli ndi nkhaniyi ndi wakale: Leopold woyamba wa mu 1930, Max Hansen, mayi ake anali a ku Denmark, ndipo atachoka ku Germany ndi ku Austria anakakhala kumayiko a kumpotoko, n'kudzamwalira ku Copenhagen mu 1961.

Anaitsogolera Erik Balling, amene pambuyo pake anapanga mafilimu a Olsen-banden ndi sewero la pa kanema la Matador. Leopold ndi Dirch Passer, wanthabwala wokondedwa koposa m'dzikolo pa nthawi yake, Josepha ndi Susse Wold, Sigismund ndi Ove Sprogøe. Mfumu yabwerera, ndipo nkhani ili m'nthawi yakale.

Passer ndi chimunthu chachitali, champhamvu, cha mawu ngati bingu, ndipo nthabwala zake ndi za thupi lonse. Poyamba umaganiza kuti iyi ndiye ikhala yopanda mtima kuposa zonse. Zimene zimachitika n'zosiyana. Chifukwa chakuti si mnyamata wokongola ngati Peter Alexander, kukanidwa kwake kumakhulupirika. Munthu wamkulu chonchi akafooka pamaso pa mkazi wochepa thupi amene amamulipira malipiro, kuseka ndi chisoni zimabwera limodzi. Ngati mumakonda zisudzo zimene woseketsa amakhalanso womvetsa chisoni, iyi ikhoza kukhala yanu. Kuimba kwake sikufika pa kwa Alexander, zimenezo musayembekezere. Ndipo chopinga chachikulu ndi chinenero: ndi ya m'Chidanishi, yopangidwira anthu a kwawo, ndipo kunja kwa mayiko a kumpoto kwa Ulaya siidziwika kwenikweni.

Zina ziwiri

Ilipo ya mu 1935 ya Carl Lamac, yopanda mitundu, momwe Christl Mardayn ndi Josepha ndipo Hermann Thimig ndi Leopold. Ndi ya anthu amene aona kale zinazo ndipo akufuna kudziwa mmene nkhaniyi inkaonekera nkhondo isanayambe. Ilipo ya mu 2013 ya Christian Theede, imene inatembenuza nkhani kuti ikhale ya Ottilie, mkazi wa ku Berlin wa masiku ano amene wafika kumalo kumene aliyense amangoimba. Kuti muimve kukoma muyenera kudziwa kale zimene ikuseka. Musayambire pamenepo.

Chimene mafilimu onsewa alibe

Pali chinthu chimene anthu ambiri, ngakhale a ku Germany komweko, anachidziwa mochedwa. Sewero la mu 1930 silinali lofatsa ngati mafilimu a pambuyo pa nkhondo. Linali la Berlin wa nthawi ya jazi, la magule othamanga onga foxtrot ndi tango pambali pa waltz, lodzaza nthabwala za akuluakulu, loseka alendo odzaona malo pamodzi ndi eni mudzi amene amawagulitsa mapiri. Nkhondo itatha, nyimbo zija zinakonzedwanso kuti zikhale zotsekemera, ndipo mano ake anachoka. Mapepala oyambirira a oimba ndi zida anali atasowa, mpaka anapezeka ku Zagreb, ndipo mu 2009 Staatsoperette Dresden, nyumba ya opereta ya mumzinda wa Dresden ku Germany, inaliimbanso motsatira mapepalawo.

Zimenezi zisanachitike, mu 1994, gulu lina ku Berlin linachita seweroli m'tenti yaing'ono yotchedwa Bar jeder Vernunft, muli gulu la oimba anthabwala la Geschwister Pfister, Max Raabe ngati Siedler, Otto Sander ngati pulofesa ndi Meret Becker ngati Klärchen. Chionetserochi chinajambulidwa. Si filimu ya nyanja ndi mapiri. Ndi anthu ochepa pa kasiteji kopanikiza. Koma ngati funso lanu ndi lakuti nanga n'chifukwa chiyani a Nazi anadana ndi nkhani ya weitala ndi hotela, kupatula mayina a eni ake, mzimu wosamvera umene uli m'chionetserochi ukuyankhani kuposa mafilimu atatu aja. Chimafuna Chijeremani chambiri, ndiye ndi cha pomaliza pa ulendo wanu.

Tsono muyambe ndi iti?

Ngati mukuonera ndi banja, ana ndi agogo pamodzi, ndipo palibe womva Chijeremani, tengani ya 1960. Palibe chochititsa manyazi, nyimbo zimalowa m'mutu msanga, ndipo nkhani mudzaitsatira ndi maso okha. Ndi imenenso ndingapatse munthu amene sanaonepo opereta chibadwire, kuti azolowere zakuti munthu amasiya kulankhula pakati pa chiganizo n'kuyamba kuimba.

Ngati mukuphunzira Chijeremani, mwina pokonzekera sukulu kapena ntchito kumeneko, ya 1960 ikuthandizani chifukwa mawu a nyimbo amamveka bwino, koma dziwani kuti kalankhulidwe ka ku Austria ndi ka ku Berlin kamene mudzamve m'mafilimu onsewa n'kosiyana ndi ka m'buku. Musataye mtima mukapanda kumva Giesecke. Eni hotelawo nawonso m'nkhanimo amavutika kumumva.

Ngati ndinu munthu wa zisudzo, wolemba kapena wosewera, onerani ya 1952 ndi ya 1964 motsatizana, ndipo muyang'ane malo amodzi okha, pamene Leopold akulonjera mfumu. Mudzaphunzira zambiri za mmene thupi la wosewera limasinthira tanthauzo la mawu omwewo.

Ndipo ngati mwaona kale ya 1960 ndipo mwatsala ndi njala, kapena mwagwirapo ntchito pansi pa munthu amene simungathe kumuuza zakukhosi, ya 1952 ikudikirani. Muionere nokha, kapena ndi munthu mmodzi wosalankhula pakati pa filimu.

Pa zogula, pali zinthu ziwiri zoti muonetsetse. Choyamba, chaka ndi dzina la wosewera, chifukwa mafilimu a Chijeremaniwa dzina lake ndi limodzi, ndipo kalembedwe kake kamasinthasintha: Rößl, Rössl, Roessl. Mukaona Heesters ndi ya 1952, mukaona Alexander ndi ya 1960. Chachiwiri, ngati ndi DVD, werengani kuseri kwa chikuto ngati ili ndi mawu omasulira m'chinenero chimene mumawerenga, ndiponso nambala ya chigawo. Ma DVD a ku Ulaya amakhala a chigawo 2, chimene chikuphatikizanso South Africa, pamene Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zili m'chigawo 5. Makina ambiri otsika mtengo amawerenga zigawo zonse, koma si onse, ndiye yesani musanaitanitse chimbale kuchokera kutali.

Liwu limodzi la Chijeremani ndikufuna mupite nalo. Udindo wa Leopold m'seweroli umatchedwa Zahlkellner. M'malo odyera akale a ku Austria si weitala aliyense amene ankalandira ndalama. Ena ankangobweretsa mbale ndi matambula, ndipo mlendo akafuna kulipira ankaitana mmodzi yekha, wonyamula chikwama cha ndalama za nyumbayo. Leopold ndi ameneyo. Kuyambira pa chithunzi choyamba, Josepha asanaganize n'komwe zomuyang'ana kumaso, chikwama cha hotela yake chili kale m'chiuno mwa Leopold. Mukamaonera filimu iliyonse mwa izi, yang'anani mmene wosewerayo akugwirira ndalama za abwana ake, ndiponso mmene akuchokera pakhomo tsiku limene wachotsedwa ntchito.